Nsapato Zili kwa Alamu

Bambo ake atasiya ndodo n'kuyenda okha mpaka pakhomo la chipinda, mwana wawo wachisamba anangoti kakasi, thaulo lili m'manja.

Chiwagwireni sitiroko, iye anali atataya mtima. Koma eni akewo m'mawa uliwonse ankasisita mwendo wofookawo n'kumauuza kuti, "Dzuka, mlesi iwe, ntchito ikadalipo," kenako n'kuseka okha. Iye ankangoti nkhalamba yayamba kusokonezeka.

"Ukundiyang'ana ngati waona mzukwa bwanji?" anatero bambowo, akupuma mwawefuwefu. "Tanditengera nsapato zanga zakuda zija. Lero ndikafike kumsewu."

Nsapatozo mwanayo anali atapatsa mlamu wake kalekale, ndi jekete lomwe, ndi mawu akuti, "Tengani, sadzavalanso awa."

"Zili... zili kwa alamu, ababa."

Bambowo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ohoo. Unandiika kale m'manda eti?"

Bambowo anaseka, ndipo kusekako kunamupweteka mwanayo kuposa mbama.

Mwanayo anagwada, navula nsapato zake, nayamba kuwaveka, nkhope ili pansi.

"Umange zolimba, mwanawe," anatero bambowo, atamugwira paphewa. "Kumsewu n'kutali."