Bandeji ya Mwana wa Njati

Padangokhala mwana wa Njati amene anakodwa mwendo mumsampha wa waya. Anthu anamutengera kumalo osamalirako nyama zovulala, n'kumumanga bandeji.

Nyani ndi Kamba, odwala anzake, anayamba kukangana kuti wachifundo ndani. M'mawa uliwonse Nyani ankabwera kudzazonda mwanayo, n'kumasula bandejiyo.

"Ndingoonako ngati balali likupola," ankatero.

"A Nyani, bala silipola ndi maso," Kamba ankadandaula, koma analibe zala zoti amangirenso.

"Inu mulibe mtima! Mumangokhala phee ngati mwala!"

Ntchentche zinapeza polowera, bala linawola, ndipo mwanayo anatsikira kuli chete.

Pamaliro, Nyani analira mokweza kuposa aliyense. Kamba anamuyandikira pang'onopang'ono.

"Liranitu, a Nyani. Munkafuna kuona. Lero mwaona."