Sipanala ya Nambala 13

"Chithunzi chake chilipo, koma sipanala palibe. Ili kuti?" anakalipa bwana Moodley, akuloza bolodi la m'galaja.

Frazer, wosamalira maluwa pakhomo pawo ku Durban North, anayang'ana pamene ankalozapo. Bolodilo analikhoma yekha atatumidwa ndi bwanawo, n'kujambula ndi penti mozungulira hamala, pulayala ndi sipanala iliyonse, kuti chida chikasowa pazioneka. Ankadziwa bwino kuti msamphawo ankatchera iyeyo.

"Ikapanda kubwera pofika Lachisanu, ntchito yatha."

"Yebo, bwana," anavomera Frazer m'Chizulu.

Lachinayi, akudulira maluwa kuseri, Frazer anasuzumira pawindo la galaja. Bwana anali atatsegula boneti, akufunafuna chimene chinkagogoda m'galimoto sabata yonse. Anapisa dzanja pafupi ndi batire n'kutulutsa sipanala ija, imene anaiiwala okha tsiku lomwe ankamanga batirelo. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuipachika pamalo pake mwakachetechete.

M'mawa mwake anaitana akazi awo, Frazer ali pomwepo.

"Shirley, waona? Anthu awa ukangowaopseza, katundu amabwera yekha."

Frazer anayang'ana pansi mwaulemu.

"Zoona, bwana. Ngakhale galimoto yasiya kugogoda."