Yisiti Yolanda Munda wa Mayi

"Bwereza, ndimve bwino," mayi anatero, akuponya thumba la masamba ouma pamapazi pa mwana wawo wamkazi, pakhomo la labotale yomwe mwanayo amagwirako ntchito. M'mawa womwewo wogula wa kampani ya mankhwala anali atawabweza nalo thumbalo, ati masamba sakufunikanso.

"Amayi, tsitsani mawu, pano ndi pantchito. Timatenga yisiti, yomweyi yofufumitsira buledi, n'kuiika malangizo atsopano m'kati. Ikadya shuga imatulutsa mankhwala a malungo, omwe aja a m'masamba anu."

"Popanda khasu? Popanda mvula?"

"M'thanki basi. Odwala ambiri achira nawo, amayi."

"Iwo achire, ine ndizidya thankiyo? Munda umene uja ndiwo unakuphunzitsa sukulu, lero ndiwe ukuukwirira. Anaiphunzitsa ntchito yanga yisiti yakoyo ndani? Ndionetse, ndimutukwane pamaso."

"Palibe anaiphunzitsa. Malangizowo timachita kukopera ku chomera chenichenicho."

"Chomera cha yani?"

Mtsikanayo anayang'ana nsapato zake.

"Tinayesa masamba a alimi ambiri, koma anali ofooka. Amphamvu anali aja munandilongedzera m'chikwama nditabwera kutchuthi ndikudwala."

Mayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Kenaka anawerama, natola thumba lawo, nalisenza.

"Ndiye kuti anga ndiwo anaposa a anthu onsewo?"

"Inde, amayi."

"Ndimadziwa ine," anatero akutembenuka. "Ukamabwera kunyumba, chikwamacho uzichisiya kumsewu."