Dothi la a Gilhooly

"Amayi, bwanji a Gilhooly amavala jekete chotembenuza kukada?" anandifunsa tsiku lina mwana wanga Atikonda. Ndinamuuza kuti za eni sitifunsa. Nkhalamba ya ku Ireland imeneyi, yoyandikana nafe khomo m'nyumba zosanja za ku Thamesmead, sitinkalankhulana nayo chiyambire pamene mpira wa Atikonda unaswa mphika wake wodzaza dothi, n'kulimwaza pakhonde.

"Dothi limenelo ndi la m'munda wa kwathu umene sulimidwa chifukwa uli ndi eni ake osaoneka," anakalipa a Gilhooly tsikulo. "Wolipondayo amasokera. Mudzaona."

Lachitatu kutangoda tinapita kukagula mkaka. Pobwerera, khonde lathu silinkatha. Zitseko zinalibe manambala. Pansi panayamba kufewa, ndipo kunkanunkha ng'ombe zonyowa ndi mvula. Dzanja la mwana linapulumuka m'dzanja langa, kenako linabwerera lili lozizira.

"Tembenuzani jekete, mayi wosamva inu!" anakuwa a Gilhooly chapatali, ngati ali kutsidya kwa dambo.

Nditatembenuza, ndinangopezeka pakhomo panga, iwo ataima pambali. Ine sanandiyang'ane. Maso awo anali pa mwana, amene jekete lake ndinali ndisanalitembenuze.

"Atikonda, pereka moni," ndinatero. Mwanayo anangomwetulira, maso ali pa botolo la mkaka.

A Gilhooly anavula jekete lawo n'kulivala molunjika, koyamba chiwadziwireni, kuti nawonso asokere dala.

"Sindikukondani, mayi, koma wanuyo ndikamutenga. Uyu si iye, eni munda aja akusinthirani. Inu lonjezani kuti uyu simumupatsa chakudya mpaka nditabwera, ngakhale alire ndi mawu a mwana wanu."

"Ndalonjeza," ndinatero.