Chipinda Chopanda Khomo

"Mzerewo ndinaulemba, bwana!"

"Ndiye waudya ndani, makoswe?" Abwana anagogoda sikirini ya kompyuta ndi chala. "Taona wekha, Kamwana."

Kamwana anayang'ana. M'pulogalamu ya kampani yawo ntchito iliyonse inali ndi kalasi yake, ngati chipinda. Pamwamba pa kalasi pankakhala dekoreta, kamzere koyamba ndi @, kouza seva, kompyuta yaikulu ya kampani, kuti wobwera pa adiresi ya intaneti yakutiyakuti alowe muno. Kalasi yolandira mapempho osamukira ku likulu inalipo yonse, yosalala monga anailembera. Koma pamwamba pake panali mbee. Chipinda chopanda khomo.

"Likulu linapereka malo amodzi okha," anapitiriza abwana. "Atseka dzulo, apatsa wa nthambi ina, poti pempho la kuno silinafike. Mnzako Wamagalasi wakhala akuimba nyimbo ya likulu chilowereni muno, iwe wamutsekera panja ndi kamzere kamodzi!"

Anatuluka akumenyetsa chitseko.

Kamwana sanayerekeze kucheuka. Kumbuyo kwake Wamagalasi ankangotayipa mwakachetechete, ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina. Akanangomukalipira bwenzi zili bwinoko. Munthuyu ndi amene anamuphunzitsa madekoreta atangofika kumene, akumuseka kuti amamanga nyumba zokongola n'kuiwala makomo. Dzana lomweli anadzakhala pampando wa Kamwana nthawi ya nkhomaliro, ati aoneko zigoli za mpira, mpaka kuiwala pomwepo kapu yake yothyoka chogwirira. Kamwana anaitsuka n'kuibisa m'dirowa, osabweza.

Chomwe chinkamudya kwambiri si kukalipa kwa abwana ayi. Sabata yonse ankalemba kalasi imeneyi mtima ukukana. Mzere uliwonse unali ngati akumulongedzera yekha Wamagalasi chikwama. Ankayang'ana pawindo n'kumapempha chamumtima kuti basi ya ku likulu ithyoke ndithu isananyamuke. Nanga ngati zala zake zinamvera mtima, n'kusiya kamzereko iye osadziwa? Ndipo mmawa uno, atamva kuti Wamagalasi satsanzikanso, kanthu kena m'chifuwa mwake kanadumpha ndi chimwemwe. Manyazi ake anali pamenepo.

Anatulutsa kapu ija, nathiramo tiyi, n'kupita nayo kwa Wamagalasi.

"Achimwene, pepani. Ndakupherani tsogolo."

"Tiyiyu ndiye chipukuta misozi?" anatero Wamagalasi osakweza maso. "Shuga mwathira?"

"Musandiseke, chonde. Ndipita kwa abwana, aimbe foni ku likulu, ndinene kuti wolakwa ndine. Akafuna andichotse ntchito, bola inu mupite."

"Mukufunadi ndipite?"

"Ndi zimene mumafuna inu."

Wamagalasi anavula magalasi ake, nayamba kuwapukuta ndi m'mphepete mwa malaya, kupukuta kosatha. Popanda magalasiwo ankaoneka ngati mwana wogwidwa dzanja lili m'shuga.

"Kamwana, munandionapo liti ine ndikutsata mpira?"

Kamwana anacheukira pampando wake uja, nakumbukira za dzana.

"Mzere wanu unalipo, wolembedwa bwino. Ndinaufufuta ndine dzana, chifukwa abwana sakanamva zoti ndasintha maganizo. Mawa ndikawauza." Anatenga kapu ija ndi manja awiri. "Likulu sindikulifunanso ine. Ndikufuna inu."