Tsamba Louma la Nkhanga

Padangokhala Nkhanga ndi Nkhwali, amayi awiri amene ankasinthana kulondera anapiye awo kudambo.

Tsiku lina Nkhwali anaona mnzakeyo akujompha timiyala, kuyesa mapira.

"Achemwali, maso anuwa ayamba chifunga. Pitani kwa a Nanzikambe, sing'anga wa maso, akakuoneni."

"Akundipweteka ngati?" anakalipa Nkhanga. "Ndiyeseni muone!"

"Chabwino. Chili pamtengo apo n'chiyani?"

"Tsamba louma."

Nkhwali atayang'anitsitsa anakuwa, nathawira m'tchire ndi ana ake. Tsambalo linatambasula mapiko. Anali Kabawi.

M'mawa mwake Nkhanga anapita kwa Nanzikambe, amene anamuchotsa ng'ala tsiku lomwelo. Pobwerera, maso ali mbee, anaona zonse bwinobwino: udzu, mapira, ndi nthenga za mwana wake zili mbwee pansi pa mtengo uja.