Wometa Tsitsi Amene Ankayankhira Mwana Wake pa Tabuleti

Panali munthu wina wometa tsitsi, wa manja abwino pa ntchito yake koma wodana koopsa ndi kupambanidwa. Amene anaona zimenezi akuti ndi zoona, ndipo mpaka pano akaikamba nkhaniyi amapsa mtima.

Mkuluyu anali ndi mwana wamkazi mmodzi yekha, wofatsa, amene kuwerenga kunkamuvuta. Kusukulu kwake anapatsa mwana aliyense tabuleti yophunzirira akaweruka. Tsiku lolandira, mphunzitsi anawauza makolo mosapita m'mbali.

"Chipangizochi chimayenda ndi liwiro la mwana. Akakhoza, chimamupatsa zovutirapo. Akalakwitsa, chimabwerera m'mbuyo n'kumuphunzitsanso pang'onopang'ono. Ana amene chitisonyeze kuti akuvutika ndi omwe tiwapatse mphunzitsi wapadera wa zowerenga, ndipo malo ndi ochepa. Chonde makolo, musawayankhire. Asiyeni azilakwitsa."

Wometa anagwedeza mutu ngati wamva. Anamva chiyani!

Poyamba zinkayenda bwino. Mwana ankakhala pabenchi ya makasitomala m'shopu ya bambo ake n'kumalimbana ndi zilembo. Akaphonya, tabuleti inkamuuza mokweza kuti ayesenso. Bambo ake zinkawadya mumtima, makamaka m'shopu mukakhala anthu.

Zinafika poipa tsiku limene mlamu wake anabwera kudzametetsa. Atangokhala pampando anatulutsa foni.

"Alamu, taonani wanga. Wafika gawo lachisanu. Nanga wanuyu ali pati?"

Mwana anayankha yekha. "Ndikadali loyamba, amalume."

"Loyamba? Ayi, palibe kanthu. Ena amachedwa kudzuka."

Wometa anameta mutu umenewo akukukuta mano. Mlamu atangotuluka, anatsomphola tabuleti m'manja mwa mwana.

"Bweretsa kuno! Ukufuna kundiyalutsa pamaso pa anthu?"

"Adadi, aphunzitsi anati musamandi..."

"Aphunzitsiwo ndi amene anakubereka?"

Wometa anayamba kuyankha yekha mafunso a pa tabuletipo. Mafunso atayamba kulimba, anakokeramo makasitomala. Shopu inasanduka bwalo la mpikisano: wina akufuula yankho thovu lili m'masaya, wina akutsutsa, wometa akudina ndi chala chamafuta. Woyendetsa lole wina wadazi ankabwera tsiku lililonse ngati ali ndi tsitsi loti amete, chonsecho akufuna mafunso. Amuna akuluakulu a ndevu zawo, kuomberana m'manja chifukwa agonjetsa mafunso a kamwana! Mwana, mwini wake wa tabuleti, bambo ake anamupatsa tsache kuti azisesa tsitsi.

Mkazi wake anayesetsa kumuletsa.

"Bambo a mwana, mukumupweteka mwanayu. Ngakhale mawu a pabotolo la mafuta sakutha kuwerenga."

"Iwe ukudziwa chiyani? Akaona zigoli zake alimba mtima. Wamupitirira kale wa mchimwene wako uja."

"Wamupitirira ndani? Inu kapena iye?"

"Usandiyambe!"

Chipangizo chilibe maso oona amene akudina. Chinakhulupirira kuti kamtsikanako ndi kakatswiri, ndipo mphunzitsi, pokhala ndi kalasi yodzaza, anakhulupirira chipangizo. Posankha ana oti athandizidwe mwapadera, mwana wa wometa anamudumpha, n'kumuika m'gulu la ana ochita bwino. Bambo ake anafalitsa uthengawo kwa abale onse, woyamba kulandira ndi mlamu.

M'gulu latsopanolo mwana ankangokhala duu, osamva kanthu, osayerekeza kufunsa. Anayamba kudandaula m'mimba m'mawa uliwonse. Mayeso olemba pamanja a kumapeto kwa chaka atafika, analemba dzina lake lokha n'kubweza pepala.

Wometa anatulukira kusukulu akuwira, chipeso chikadali m'thumba la malaya, akukoka mwana wake padzanja.

"Mwana wanga ndi nambala wani pa makina anu omwewa! Mwamulepheretsa dala! Nsanje basi!"

Mphunzitsi anayatsa tabuleti n'kuipereka kwa mwanayo.

"Tawerenga funso ili, mwanawe. Zikuonetsa kuti unalikhoza sabata yatha."

Mwana anayang'anitsitsa. Analephera kuwerenga ngakhale liwu limodzi.

"Anayankha ndani?"

"Adadi. Ndi a lole aja."

Mphunzitsi anatembenukira kwa bamboyo maso ali psuu.

"Ndinakuuzani chiyani ine? Ndiye kuti chaka chonsechi takhala tikuphunzitsa inu ndi makasitomala anu! Malo a mwanayu kwa mphunzitsi wapadera tinapatsa wina. Anzake amene ankavutika nawo limodzi pano akuwerenga okha. Uyu abwereza kalasi."

"Komatu ine ndimangofuna kumuthandiza..."

"Munkathandiza dzina lanu, bambo. Mwanayu munamuiwala pabenchi."

Anatuluka. Panja, ana a kalasi yake ankathamangitsana akusangalala kuti akhoza. Mwana anaima n'kuwayang'ana, misozi ili chuchuchu. Bambo ake anayesa kumugwira phewa.

"Usalire. Chaka sichichedwa kutha."

Mwana anachotsa dzanjalo.

"Adadi, anzanga akandifunsa chifukwa chake ndatsalira, ndiwauze chiyani? Ndinene kuti ndine mbuli, kapena ndinene kuti munali inu?"



Phunziro: Mwana akalakwitsa, mpamene mphunzitsi kapena chipangizo chimadziwira pomuthandiza. Ukamuyankhira wabisa chilonda chake, ndipo wolipira ndi iyeyo, osati iwe. Makolo, lekani kupikisana pogwiritsa ntchito ana anu. Khalani pambali pake, alakwitse, ayesenso. Tumizani nkhaniyi kwa kholo lililonse limene limagwirira mwana ntchito ya kusukulu, lisanamuonongere chaka.